Mafunso ndi mayankho: kusamutsa fayilo pakati pa Excel, LibreOffice, Google Sheets ndi WPS osaononga manambala

Awa ndi mafunso omwe amabwerabwera kuchokera kwa anthu osunga mabuku a ndalama kusukulu, kutchalitchi, ku banki mkhonde, m'mashopu ndi m'mabungwe, komwe fayilo imodzi yomweyo imadutsa m'manja ambiri, wina ali ndi Excel pa laputopu, wina LibreOffice, wina akutsegulira pa foni ndi WPS. Nthawi zambiri fayilo siionongekera panjira ayi. Imaonongeka pomwe pulogalamu ikuitsegula n'kumaganiza yokha kuti ichi ndi deti, ichi ndi nambala, kenako munthu n'kudina Save asanayang'anitsitse.

Kodi .xls, .xlsx, .ods ndi .csv zikusiyana pati, zonse si Excel yomweyo?

Ayi ndithu. Ya .xls ndi yakale ija ya Excel 97 mpaka 2003, imathera pa mizere 65,536 ndi makolamu 256 basi. Ya .xlsx inabwera ndi Excel 2007, iyo imafika mizere 1,048,576 ndi makolamu 16,384. Mukaona .xlsm dziwani kuti ndi xlsx yomwe ili ndi ma macro mkati, timapulogalamu tochita tokha ntchito zobwerezabwereza. Ya .ods ndi ya LibreOffice ndi OpenOffice, mtundu wake amati OpenDocument, unavomerezedwa ndi bungwe la miyezo la padziko lonse la ISO mu 2006, ndipo Excel ya masiku ano imatha kuitsegula. WPS Office ya kampani ya Kingsoft ili ndi yakeyake ya .et koma pa foni ambiri amangosevera mu xlsx.

CSV ndiye ina yake. Mulibe fomula, mulibe mitundu, mulibe sheeti yachiwiri, ndi mawu okhaokha olekanitsidwa ndi makoma, mutha kuitsegula ndi Notepad n'kuwerenga ndi maso. Zili ngati kusamuka nyumba mutathira zonse m'thumba limodzi, katundu afika koma makabati ndi mashelefu atsala, ndiye wolandirayo aziganiza yekha kuti ichi chinkakhala pati. Mavuto ambiri omwe ali m'munsimu akuchokera pamenepa.

Ndikangosintha dzina kumapeto, .ods kukhala .xlsx, sizitheka?

Sizitheka, mwangosintha dzina koma zamkati ndi zomwe zija, ndipo Excel ikana kutsegula kapena ikuchenjezani kuti dzina ndi zamkati sizikugwirizana. Tsegulani fayiloyo mu pulogalamu yomwe inaipanga, pitani pa Save As, musankhe mtundu womwe mukufuna. Mu Google Sheets ndi File kenako Download. Mu Numbers ya Apple ndi Export To.

Ndiye nditumize mtundu uti kwa munthu yemwe sindikudziwa pulogalamu yake?

Tumizani xlsx. Ine LibreOffice ndimaikonda, ndi yaulere ndipo siivuta za layisensi, koma zoona zake n'zoti xlsx ndi yomwe imatseguka paliponse, pa foni, pa Google, pa Mac, pa kompyuta ya kuofesi. Ngati munthuyo akungofuna kuwerenga kapena kupulinta, mpatseni PDF asakusokonezereni mafomula. CSV muzitumiza pokhapokha sisitimu ina yake ikufuna CSV, monga yotumizira ma SMS ambiri kapena yolipirira anthu kudzera kubanki. Ndipo fayilo yoyambirira ija muisunge padera osaigwira, muzisewera ndi kope.

Manambala a foni ataya ziro wakutsogolo, 0999 yasanduka 999. Chachitika n'chiyani?

Ili ndiye vuto la tsiku ndi tsiku kwathu kuno chifukwa nambala iliyonse ya Airtel kaya ya TNM imayamba ndi ziro. Mukadina kawiri pa CSV, Excel siifunsa kanthu, imangoona madijiti n'kunena kuti iyi ndi nambala yowerengetsera, ndipo pa masamu ziro wakutsogolo alibe ntchito, ndiye imamuchotsa. Mu CSV momwemo ziroyo amakhala alipobe, bola musadine Save. Mukaseva ndiye wapita.

Njira yake, CSV musamaitsegule podina kawiri. Tsegulani kaye Excel yopanda kanthu, pitani pa Data, From Text/CSV, sankhani fayilo, pomwe alemba Data Type Detection musankhe kuti isadziwire yokha, kapena dinani Transform Data n'kuika kolamu ya mafoniyo pa Text. Pa Excel 2010 ndi 2013 pali From Text, imakufunsani magawo atatu, pa gawo lachitatu ndi pomwe mumadina kolamuyo n'kusankha Text. LibreOffice pamenepa ndi yabwino kwambiri chifukwa nthawi zonse imakuonetsani kaye bokosi la Text Import, mumadina mutu wa kolamu n'kusintha Column type. Mu Google Sheets mukamapanga File, Import, chotsani kachizindikiro pa Convert text to numbers, dates, and formulas. Amene ali ndi Microsoft 365, kuyambira 2023 anaikamo Automatic Data Conversion pa File, Options, Data, mutha kuzimitsa zochotsa ziro zija kamodzi n'kuiwalako.

Ngati zachitika kale musadandaule, manambala athu ndi a madijiti 10 ndiye kubwezeretsa n'kosavuta. Mu kolamu ina lembani =TEXT(A2,"0000000000") mukokere pansi, kenako Copy ndi Paste Special, Values. Ena amangopita pa Format Cells n'kuika maziro 10 pa Custom, pamaso zimaoneka bho koma pansi pake nambala ikadali yopanda ziro, mukaikopera ku pulogalamu ina ikhoza kukafika yoduka. Polemba pamanja, yambani ndi kachizindikiro aka ' kenako nambala.

Nanga izi zoti 2.66E+11 ndi chiyani?

Ndi nambala ya foni yomweyo yolembedwa ndi 265 kutsogolo. Ikafika madijiti 12 Excel imaifupikitsa mwa sayansi, ndiye anthu onse pa mndandanda amaoneka ngati ali ndi nambala imodzi. Mu xlsx nambala yonse imakhala ilipo, dinani selo muiona pamwamba paja. Koma mukaseva ngati CSV zili choncho, chomwe chimalembedwa ndi chofupikitsacho, madijiti akumapeto atayika ndipo palibe fomula yowabweza.

Choopsa kuposa apa ndi manambala ataliatali. Excel imasunga madijiti 15 okha, otsalawo imawasandutsa maziro mwakachetechete. Tokeni ya magetsi ya ESCOM ili ndi madijiti 20, nambala ya pa khadi la banki 16, ndiye mukazilowetsa ngati manambala, zakumapeto zimakhala 0 ndipo ngakhale mutasintha kukhala Text pambuyo pake sizibwerera. Lamulo langa ndi ili, chilichonse chomwe simudzachiphatikiza kapena kuchichotsera, nambala ya foni, ya akaunti, ya risiti, ya mayeso a mwana, chikhale Text chisanalowe.

Madeti asokonekera, ena ali kumanja ena kumanzere, miyezi yasinthana ndi masiku

Apa khalani pansi kaye chifukwa vuto ili limapweteka anthu osadziwa n'komwe. Ife timalemba tsiku, mwezi, chaka, ndiye 03/04/2025 ndi pa 3 Epulo. Ku America amayamba ndi mwezi, yomweyo ndi pa 4 Malichi. Malaputopu ambiri omwe timagula amabwera Region ili pa United States ndipo palibe amaisintha. Ndiye mukatsegula CSV pa makina otero, deti iliyonse yomwe tsiku lake ndi 12 kutsika imatembenuzidwa, imakhala kumanja ngati deti yabwinobwino koma ili yabodza, pomwe ya pa 13 kupita m'tsogolo Excel imalephera chifukwa kulibe mwezi wa 13, imangoisiya ngati mawu kumanzere. Anthu amalimbana ndi za kumanzerezo poganiza kuti ndi zomwe zalakwika, pomwe zoopsa ndi za kumanja zija, ngongole yomwe imayenera kubwezedwa mu Epulo ikuoneka ngati inadutsa kale mu Malichi.

Mukaona zimenezi tsekani osaseva. Lowetsaninso kudzera pa Data, pa kolamu ya madeti musankhe DMY, mu LibreOffice ndi Date (DMY). Sinthaninso Region ya Windows ikhale English (United Kingdom), mu Google Sheets ndi File, Settings, Locale. Ngati fayilo izidutsa m'makompyuta ambiri, lembani madeti motere 2025-04-03, chaka kutsogolo, palibe pulogalamu imasokoneza imeneyi.

Mukaona 45658 pomwe panali deti, sichinaonongeke chilichonse. Mapulogalamuwa amasunga deti ngati chiwerengero cha masiku, 45658 ndi pa 1 Januwale 2025, ingoikani Format Cells pa Date. Koma madeti onse akasuntha ndi zaka 4 ndi tsiku limodzi, ndiye kuti fayilo ina inapangidwa ndi kawerengedwe ka 1904 komwe Excel yakale ya pa Mac inkagwiritsa ntchito, kusiyana kwake ndi masiku 1,462, yang'anani pa Options, Advanced, Use 1904 date system.

Aphunzitsi chenjerani ndi malikisi, mukalemba 5/10 Excel imaona deti. Zoterezi zinavutitsa ngakhale asayansi, majini otchedwa SEPT1 ndi MARCH1 ankasanduka madeti m'mafayilo a kafukufuku mpaka mu 2020 komiti yopereka mayina a majini a munthu, HGNC, inangosintha mayinawo kukhala SEPTIN1 ndi MARCHF1.

Ndatsegula CSV zonse zaunjikana mu kolamu A

Fayiloyo inalekanitsidwa ndi chizindikiro china osati chomwe kompyuta yanu ikuyembekezera. M'mayiko omwe amalemba 12,50 m'malo mwa 12.50, chizindikiro cha koma chili kale ndi ntchito, ndiye polekanitsa amagwiritsa semicolon (;). Ndipo South Africa ndi mayiko olankhula Chipwitikizi ali m'gulu limeneli. Ndiye laputopu yomwe m'bale wanu anakutumizirani kuchokera ku Joni, kapena fayilo yochokera kwa anzathu aku Tete, ikhoza kuchita zimenezi. KoboToolbox yomwe mabungwe ambiri amatolera nayo deta kumidzi, CSV yake imatulukanso ndi semicolon. Ndiye ngati mukukagwirira mu Excel bola kudawuniloda ya XLS. Kukonza kwake, sankhani kolamu A, Data, Text to Columns, Delimited, muchonge Semicolon. Mukatha muonenso ma desimali, ngati ali ndi chizindikiro cha koma, kompyuta yanu iwatenga ngati mawu.

Mayina atuluka ndi zilembo zachilendo, Malaŵi yakhala MalaÅµi, ng’ombe yakhala ngâ€™ombe

Fayiloyo inalembedwa m'kalembedwe ka zilembo ka UTF-8 koma Excel yaiwerenga ndi kalembedwe kakale ka Windows komwe kalibe ŵ. Kachizindikiro kopindika ka mu ng’ ndi m’ komwe Word ndi mafoni amaika okha nakonso kamagwa m'vuto lomweli, ndiye pa mndandanda wa mayina a kwathu mizere yambiri imakhudzidwa. Musayambe kukonza limodzilimodzi pamanja. Lowetsani kudzera pa From Text/CSV, pa File Origin musankhe 65001 Unicode (UTF-8). Poseva, Excel zatsopano zili ndi CSV UTF-8 pa mndandanda wa Save As, sankhani imeneyo, chifukwa CSV wamba ija ŵ imamutaya ndipo akatayika poseva sabwereranso.

Mafomula akuonetsa #NAME? koma kwa amene ananditumizira akugwira

Pulogalamu yanu siikuidziwa fomulayo. SUM, IF, VLOOKUP, COUNTIF, SUMIF, INDEX ndi MATCH zimayenda paliponse popanda vuto. Zovuta ndi zatsopano. XLOOKUP, FILTER, UNIQUE ndi SORT zili mu Excel 2021 ndi Microsoft 365, mu Excel 2016 ndi 2019 mulibe, ndipo mukadina selo muona _xlfn. kutsogolo kwa dzina la fomula. LibreOffice inazilandira mu 24.8 yomwe inatuluka mu Ogasiti 2024, ndiye ngati yanu ndi yakale ingoikani yatsopano, ndi yaulere.

Google Sheets ili ndi zakezake zomwe Excel ilibe, QUERY, IMPORTRANGE, GOOGLEFINANCE. Mukadawuniloda ngati xlsx, m'maselo amenewo mumatsala yankho lomaliza lomwe linalipo tsiku limenelo, mkati mwake muli mawu oti DUMMYFUNCTION, ndiye manambala amaoneka abwinobwino koma sakusinthanso ngakhale musinthe deta. Izi n'zoopsa kuposa #NAME? chifukwa palibe chokuchenjezani.

Ngati ndinu amene mukupanga fayilo yoti ikagwiritsidwe ntchito m'masukulu kapena m'maofesi a kumaboma komwe makompyuta ndi akale, chonde gwiritsani mafomula akale omwewo. INDEX ndi MATCH zimachita zomwe XLOOKUP imachita, kungoti n'zotalikirapo polemba.

SUM ikupereka 0 pomwe manambala ndikuwaona ndi maso

Ndi mawu amenewo, si manambala. Zimachitika kwambiri ndi mafayilo ochokera m'masisitimu a banki ndi pa mawebusayiti, kapena wina akamalemba K5,000 kaya MK 5,000 ndi dzanja m'selo. Muona ali kumanzere, mwina ndi kakona kobiriwira. Chotsani K ndi mipata ndi Find and Replace, kenako sankhani kolamu, Text to Columns, Finish. Chizindikiro cha Kwacha chiikeni kudzera pa Format Cells kapena pa mutu wa kolamu basi. Choipa n'choti nthawi zina ndi maselo ochepa okha omwe ali mawu, SUM imangowadumpha osanena, total n'kuperewera, msungichuma n'kuyamba kukayikiridwa pa ndalama zomwe sanadye.

Mizere ina yasowa kumapeto

Yang'anani ngati mwaseva mu .xls. Chilichonse chopitirira mzere wa 65,536 chimadulidwa. Si nkhani yaing'ono iyi, mu Okutobala 2020 ku England bungwe la Public Health England linapeza kuti anthu 15,841 omwe anapezeka ndi Covid-19 pakati pa 25 Seputembala ndi 2 Okutobala sanalowe m'chiwerengero, chifukwa zotsatira zochokera kumalabu zinkalowetsedwa mu .xls yakale yomwe inadzadza, ndipo omwe anakhudzana nawo anachedwa kufufuzidwa. Palibe chifukwa choseveranso mu .xls lero pokhapokha sisitimu yakale ikukakamizani.

CSV yoposa mizere 1,048,576 nayonso siikwana mu sheeti imodzi, kaya ndi Excel kaya LibreOffice. Google Sheets malire ake ndi maselo 10 miliyoni pa fayilo. Ndipo ngati zomwe zasowa ndi masheeti athunthu, ndiye kuti munaseva ngati CSV, iyo imatenga sheeti yomwe inali yotsegula yokha.

Mabatani ndi ma macro sakugwira

Ma macro a Excel amalembedwa m'chilankhulo cha mapulogalamu chotchedwa VBA. Google Sheets siiwayendetsa n'komwe, ili ndi Apps Script yake, ndiye ayenera kulembedwanso. LibreOffice imayesako, osavuta amagwira ena amakanika pakati. Excel ya pa foni siiyendetsanso ma macro. Ndipo mukaseva xlsm ngati xlsx onse amachotsedwa. Fayilo ya malipiro yodalira ma macro isiyeni mu Excel ya pa kompyuta momwemo.

Bwanji maonekedwe asintha, pena pali ##### ndipo populinta masamba achuluka?

Ndi mafonti. Calibri ndi Aptos ndi a Microsoft, pa makina omwe alibe, pulogalamu imaika ena okulirapo kapena ocheperapo. Pali fonti yaulere ya Carlito yomwe miyeso yake ndi yofanana ndi Calibri, ikakhalapo zinthu sizisuntha kwambiri. Ma ##### akungotanthauza kuti kolamu yachepa, ikuzeni. Muonenso pepala, lathu ndi A4 koma mafayilo ambiri amabwera ali pa Letter. Ma chart, ma pivot table ndi mitundu yosintha yokha ya Conditional Formatting ndi zomwe zimakonda kupindika posamuka, muziyang'ane chimodzichimodzi.

Anditumizira .numbers, wina ali ndi mafayilo akalekale a .wk1

Ya .numbers Excel siitsegula, muuzeni mwini wake apange Export To Excel, ndi zamphindi imodzi. Ya .wk1 ndi ya Lotus 1-2-3, pulogalamu ya 1983 yomwe inkalamulira maofesi Excel isanatchuke. Excel inasiya kutsegula mafayilo a Lotus kuyambira 2007 koma LibreOffice imatsegulabe, pamodzi ndi a .dbf a dBase, ndiye tsegulirani mmenemo n'kuseva ngati xlsx.

Sitetimenti ya kubanki ili mu PDF, ingalowe mu Excel?

Poyamba funsani kaye ngati banki ingakupatseni ya Excel kapena CSV, zambiri zimatheka pa intaneti banking. Zikakanika, mu Microsoft 365 ya pa Windows muli Data, Get Data, From File, From PDF, palinso pulogalamu yaulere ya Tabula yomwe imagwirira pa kompyuta yanu pomwepo. Zonsezi zimafuna PDF yomwe mawu ake mutha kuwasankha ndi mausi. Ngati ndi yojambulidwa pa sikana kapena ndi kamera ya foni, makina amachita kuwerenga chithunzi ndipo amasokoneza 1 ndi 7, 0 ndi 8, ndiye mzere uliwonse muufananize ndi pepala.

Mawebusayiti aulere osinthira mafayilo aja ndi abwino?

Ngati ndi ndandanda wa mitengo ya mushopu palibe vuto. Koma malipiro a antchito, mayina a odwala, manambala a ziphaso za anthu olandira thandizo, chonde ayi. Mukukweza zinsinsi za anthu pa kompyuta ya munthu yemwe simukumudziwa, ndipo anthuwo sanakupatseni chilolezo chimenecho, pano kulinso lamulo la Data Protection Act la 2024 lomwe limakhudza kasungidwe ka zinsinsi za anthu ku Malawi. LibreOffice imachita ntchito yomweyo popanda intaneti, bandulo yanu n'kupulumukanso.

Ndili ndi mafayilo ambirimbiri a .ods, ndisinthe imodziimodzi?

Ayi. Ngati muli ndi LibreOffice, pa Linux lowani mu foda yomwe muli mafayilowo pa terminal mulembe soffice --headless --convert-to xlsx *.ods ndipo onse asinthidwa, oyambirira aja akhalabe pomwepo. Mutseke kaye LibreOffice musanayambe. Pa Windows ndi pa Mac zimathekanso kungoti mumafunika kulemba njira yonse yopita pomwe pali soffice. Musachite zimenezi ndi ma CSV a manambala a foni musanayese imodzi kaye, chifukwa bokosi lofunsa lija silituluka, ziro akhoza kupita m'mafayilo onse nthawi imodzi.

Ndingatsimikize bwanji kuti zonse zadutsa bwino ndisanatumize kwa abwana?

Tsegulani yakale ndi yatsopano pambalipambali. Dinani Ctrl ndi End muone ngati mzere womaliza ndi womwewo, muwerengenso masheeti pansi paja. Fananizani total ya kolamu ya ndalama, ndipo muike COUNT pa kolamu yomweyo kuti muone ngati chiwerengero cha manambala chikufanana ndi cha mizere, chikaperewera ndiye kuti ena alowa ngati mawu. Sankhani deti imodzi yomwe mukuidziwa bwino ya tsiku lochepera 13 muone ngati mwezi uli wolondola, muyang'ane nambala imodzi ya foni ndi dzina limodzi lokhala ndi ng' kapena ŵ. Kenako sinthani nambala imodzi mwadala muone ngati total ikusuntha, mubwezere ndi Ctrl ndi Z. Ngati ndi CSV yopita mu sisitimu ya malipiro, itsegulireni mu Notepad osati mu Excel, chifukwa zomwe mukuona mu Notepad ndi zomwe sisitimuyo ikawerenge.